Mwana wanu akufuna kufufuza maselo a khansa, osati udokotala: kodi wasochera?

Bambo wina watilembera limodzi ndi mwana wake wamkazi, amene akumaliza digiri yoyamba ya biochemistry. Mtsikanayu akufuna kupitiriza maphunziro mpaka PhD pa kafukufuku wa maselo a khansa, ndipo wapeza kale pulofesa amene akulakalaka kukaphunzira kwa iye. Bambowa akufunsa kuti: "Ngati akufunadi kulimbana ndi khansa, bwanji osaphunzira udokotala kuti azichiritsa anthu? Munthu wongokhalira kusuzumira mu mayikulosikopu amathandiza ndani?" Mtsikanayo naye wawonjezera funso lake. Akuti pa Google Scholar, tsamba la pa intaneti losakira zolemba za ofufuza, pulofesayo ali ndi h-index yaikulu, nambala yoyezera kutchulidwa kwa zolemba za munthu, ndipo mapepala ake a kafukufuku atchulidwa ndi anthu ambirimbiri. Kodi umenewo ndi umboni wokwanira kuti ndi munthu woyenera kumuphunzitsa?

Bambo, ndiyambe ndi inu. Funso lanu ndi lomveka, ndipo ndiliyankha ndi mbiri ya munthu mmodzi amene anagwiradi ntchito imeneyi.

Mu 1960, mumzinda wa Philadelphia ku America, Peter Nowell wa ku University of Pennsylvania ndi David Hungerford, yemwe panthawiyo anali asanamalize PhD yake, ankapima maselo a anthu odwala khansa ya m'magazi yotchedwa chronic myeloid leukaemia, mwachidule CML. Selo la munthu limakhala ndi makromozomu 46, timitolo ta DNA tosunga malangizo a mmene selolo liyenera kukhalira. Awiriwa anaona kuti mwa odwala onse amene anawapima, kromozomu imodzi inali yaifupi modabwitsa. Anafalitsa zimenezi m'kankhani kakafupi, ndipo kromozomuyo inapatsidwa dzina la mzinda wawo. Kwa zaka zoposa khumi palibe amene anadziwa kumene chidutswa chosowacho chinapita. Akatswiri ambiri ankati makromozomu a maselo a khansa amasokonekera chifukwa seloyo yadwala kale, ndiye palibe chifukwa chotayira nthawi pa zinyalala zimenezo.

Amene anamasula mfundoyi ndi Mayi Janet Rowley a ku University of Chicago. Mvetserani apa, bambo: udokotala mayiwa anali nawo. Anamaliza maphunziro a udokotala mu 1948 ali ndi zaka 23, anakwatiwa, anabereka ana aamuna anayi, ndipo kwa zaka zambiri ankagwira ntchito masiku atatu okha pa sabata. Mu 1961 anatsagana ndi amuna awo ku Oxford, ndipo kumeneko anaphunzira kupima makromozomu. Atabwerera ku Chicago anapempha mkulu wina wa kafukufuku wa matenda a magazi, Leon Jacobson, kuti awapatse mayikulosikopu ndi kamalo kogwirirapo ntchito. Zaka pafupifupi khumi zinadutsa osatulukira kanthu koti dziko ligwedezeke. Cha mu 1970 anapitanso ku Oxford, kumene anaphunzira njira yatsopano yopaka makromozomu utoto kuti azioneka ndi mizeremizere, iliyonse ndi mizere yakeyake. Isanabwere njira imeneyi, makromozomu ambiri ankaoneka ofanana moti munthu ankangowasiyanitsa ndi kutalika.

Ntchito yake inali yotere: kujambula makromozomu a selo limodzi, kutsuka chithunzicho, kudula kromozomu iliyonse ndi sizasi, kenako kuziika ziwiriziwiri. Mayi Rowley ankachitira zimenezi patebulo lodyera kunyumba kwawo, uku akuchenjeza ana kuti asayetsemule pafupi. Mu 1972, ali ndi zaka 47, anaona kuti kumapeto kwa kromozomu nambala 9 kunali kachidutswa kowonjezera, ndipo mizere yake inali yomwe ija inkasowa pa nambala 22. Chidutswa chija sichinatayike ayi, makromozomu awiriwo anasinthana. Pepala lawo linatuluka m'magazini ya Nature mu 1973, wolemba ali okha. Chaka chomwecho cha 1972 anali ataona kale kusinthana kwina, pakati pa nambala 8 ndi 21, mu mtundu wina wa khansa ya m'magazi, koma magazini ya New England Journal of Medicine inakana pepala limenelo, moti linakatuluka m'magazini ina ya ku France. Mu 1977 anapeza kusinthana kwachitatu, pakati pa 15 ndi 17. Apa zinayamba kuvuta kukana: mtundu uliwonse wa khansayi unali ndi kusinthana kwakekwake, kobwerezabwereza mwa odwala osiyanasiyana. Chinthu chongochitika mwangozi sichibwereza chonchi.

Mpaka pamenepa palibe wodwala ndi mmodzi yemwe amene anachira. M'zaka za m'ma 1980 magulu ena, mwa iwo Nora Heisterkamp, John Groffen ndi Gerard Grosveld, anapeza kuti pamalo olumikizanapo jini (kachigawo ka DNA kosunga langizo lopangira puloteni) ya ABL ya pa nambala 9 imakamatirana ndi jini ya BCR ya pa nambala 22. Puloteni yopangidwa ndi majini olumikizanawa imauza selo kuti lizigawikana, ndipo ili ngati swichi ya magetsi yokana kuzima. Mu 1990 George Daley, Richard Van Etten ndi David Baltimore anaika jiniyi m'maselo a mbewa, mbewazo n'kudwala matenda ofanana ndi CML. Ku Basel ku Switzerland, akatswiri a kampani ya Ciba-Geigy, imene pambuyo pake inadzakhala mbali ya Novartis, motsogozedwa ndi Nicholas Lydon, anapanga mankhwala otseka puloteniyo. Dokotala Brian Druker wa ku Oregon anayamba kuwayesa pa odwala mu 1998, ndipo mwa odwala 54 amene analandira mlingo wokwanira, 53 magazi awo anabwerera mwakale. Mankhwalawa, imatinib, anavomerezedwa ku America mu 2001. Kale wodwala CML ankangokhala zaka zochepa pokhapokha atamuika mafuta a m'mafupa a munthu wina. Lero ambiri amamwa piritsi tsiku ndi tsiku n'kukalamba ngati anzawo.

Kuchoka 1960 kufika 2001 ndi zaka 41. Dokotala amene amalembera wodwala imatinib lero akugwiritsa ntchito zimene anaona mayi uja patebulo lake. Limeneli ndiye yankho la funso lanu lakuti wosuzumira mu mayikulosikopu amathandiza ndani. Katemera wa khansa ya khomo la chiberekero anayenda njira yofananayo: labotale ya Harald zur Hausen ku Germany inapeza kachilombo ka HPV 16 m'zotupa mu 1983, katemera woyamba n'kudzavomerezedwa mu 2006.

Koma sindikufuna kukugulitsani nkhani yokoma yokha. Ofufuza ambiri satulukira chinthu chachikulu chotere pa moyo wawo wonse. Amawonjezera kachidutswa kamodzi, mwina kongosonyeza kuti njira inayake ndi yosathandiza, ndipo dzina lawo silimveka kunja kwa anzawo a ntchito. Dokotala amaona wodwala wake akudzuka pabedi. Wofufuza akhoza kupuma ntchito asanaone ngati zimene anapeza zathandiza munthu. Ndiye funso loti mumufunse mwana wanu ndi ili: chimene chimamusowetsa tulo n'chiyani, munthu wodwalayo kapena chifukwa chimene selo lasiyira kumvera malamulo? Ngati ndi munthuyo, udokotala umuyenera. Ngati ndi selolo, mukamukakamiza udokotala adzakhala dokotala wongoyang'ana kukhomo la labotale. Alipo amene amachita zonse ziwiri, ngati Druker, koma njira yake ndi yaitali kwambiri.

Tsopano iwe mwana wanga, za manambala aja.

H-index inayambitsidwa mu 2005 ndi katswiri wa physics, Jorge Hirsch. Munthu wa h-index 40 ali ndi mapepala 40 amene lililonse latchulidwa m'mapepala a anthu ena kosachepera ka 40. Basi, palibenso china chimene nambalayi ikunena. Siitsika, imangokwera, ndiye munthu wa zaka 65 amene anasiya kalekale kugwira pipette (kachipangizo kotengera timadzi m'labotale) adzapambana nthawi zambiri wa zaka 38 amene akuchita kafukufuku wamoyo lero. Ikanakhalapo mu 1971, nambala ya Mayi Rowley sikanakukopa kuti uwalembere kalata, chonsecho imeneyo ndiyo inali nthawi yabwino yokhala pambali pawo.

Komanso mapepala satchulidwa pa chifukwa chimodzi. Pepala limene lakhala likudziwika kuti latchulidwa kuposa ena onse m'mbiri ya sayansi ndi la Oliver Lowry ndi anzake la mu 1951, lofotokoza njira yoyezera kuchuluka kwa puloteni. Latchulidwa maulendo oposa 300,000, chifukwa aliyense woyeza puloteni ndi njirayo ankayenera kulitchula. Pa khansa, pepala la Douglas Hanahan ndi Robert Weinberg lotchedwa The Hallmarks of Cancer, limene linatuluka m'magazini ya Cell mu 2000, latchulidwa kambirimbiri. Ndi pepala labwino zedi, ndipo ukalisake uliwerenge mwezi uno, koma mulibe zoyesa zatsopano. Ndi losonkhanitsa zimene ena anapeza n'kuziika mu dongosolo. Chimene chinamupangira dzina Weinberg ndi ntchito ya m'labotale: gulu lake linali limodzi mwa magulu amene mu 1982 anapeza jini ya RAS yosinthika m'maselo a khansa ya chikhodzodzo cha munthu, ndipo mu 1986 linathandiza kupeza jini ya RB, imene imateteza selo ku khansa. Pulofesa amene nambala yake yakwera ndi mapepala osonkhanitsa, kapena ndi mapepala a magulu akuluakulu momwe dzina lake lili pakati pa mayina 200, akhoza kukhala wodziwa zinthu, koma nambalayo sikukuuza ngati labotale yake imatulukira zatsopano.

Pali china chimene aphunzitsi ambiri satchula m'kalasi. Kutchulidwa kwambiri sikutanthauza kuti zimene pepala likunena ndi zoona. Puloteni ya p53 inapezeka mu 1979, ndipo kwa zaka pafupifupi khumi mapepala ambiri ankaifotokoza ngati chinthu choyambitsa khansa, mpaka zinadzadziwika cha mu 1989, makamaka kudzera mu ntchito ya labotale ya Bert Vogelstein ndi ya Arnold Levine, kuti p53 yabwinobwino imateteza ku khansa ndipo imene anthu ankaiyesa poyamba inali yowonongeka. Uku kunali kulakwitsa kwa anthu oona mtima, ndipo sayansi inadzikonza yokha. Koma mu 2012 Glenn Begley ndi Lee Ellis analemba mu Nature kuti akatswiri a kampani ya Amgen atayesa kubwereza zopezeka m'mapepala 53 otchuka a khansa, zinatsimikizika m'mapepala 6 okha. Ntchito ina yotchedwa Reproducibility Project: Cancer Biology, imene zotsatira zake zomaliza zinatuluka mu 2021, inafuna kubwereza zoyesa 193 koma inakwanitsa 50 zokha, mwa zina chifukwa mapepalawo sanafotokoze mokwanira mmene ntchitoyo inachitikira. Si zachabe kuti mu 2012, pamsonkhano wa akatswiri a maselo ku San Francisco, anthu a ntchito imeneyi eniake analemba chikalata chotchedwa DORA chopempha kuti wofufuza asamayezedwe ndi kutchuka kwa magazini imene pepala lake latulukamo.

Ndiye ungadziwe bwanji kuti ntchito ya munthu yasinthadi zinthu? Tsegula limodzi mwa mapepala ake a zoyesa, la zaka zisanu kapena khumi zapitazo, udine pamene palembedwa "Cited by", uwerenge mapepala khumi mwa amenewo. Ona mmene akumutchulira. Ngati dzina lake likungopezeka m'ndime yoyamba pamzere wa mayina ena asanu, amenewo ndi malonje chabe. Ngati labotale za m'mayiko ena zikunena kuti tinatenga maselo awo, tinagwiritsa ntchito njira yawo, tinabwereza zimene anapeza ndipo tapitirira pamenepo, ndiye kuti ntchitoyo yagwira nthaka. Umo ndi momwe kusinthana kwa 9 ndi 22 kunayendera: aliyense wobwera pambuyo anayambira pamene mnzake analekezera. Fufuzanso dzina lake pa PubPeer, tsamba limene ofufuza amalembapo ndemanga pa mapepala a anzawo, ndi pa Retraction Watch, limene limaulula mapepala amene magazini anawabweza atafalitsidwa kale. Ndemanga imodzi kapena ziwiri si mlandu, koma mapepala angapo obwezedwa chifukwa cha zithunzi zokayikitsa ndi chifukwa chokwanira chofunira kwina.

Ngakhale zonsezi zitakhala bwino, funso lako lenileni ndi lina. Sukufuna munthu woti udzimutamanda, ukufuna munthu woti akuphunzitse kwa zaka zinayi kapena zisanu, amene siginecha yake idzalamula ngati umaliza kapena ayi. Pa mapepala a biology, dzina loyamba ndi la amene anagwira ntchitoyo ndi manja, lomaliza ndi la mwini labotale. Yang'ana mapepala ake a zaka zisanu zapitazi: kodi ophunzira a PhD akuoneka pa dzina loyamba, kapena ndi ma postdoc (ofufuza amene anamaliza kale PhD) okhaokha? Tenga mayina a amene anamaliza kwa iye uwasake pa intaneti. Ali kuti lero? Lembera awiri kapena atatu, makamaka amene anachoka kale chifukwa saopanso kanthu, uwafunse mafunso osavuta: munkakumana naye kangati pa mwezi, zoyesa zikakanika miyezi itatu amatani, alipo amene anasiya osamaliza? Wina akayankha kuti "tiyeni tilankhule pa foni, sindingalembe", wakuuza kale zambiri. Ine ndikauzidwa kuti ndisankhe pakati pa pulofesa wotchuka wa anthu 30 amene amakhalira m'ndege ndi wachinyamata wa anthu asanu amene amakhala m'labotale, kwa wophunzira woyamba kumene ndingasankhe wachiwiriyo, bola ndalama zake za kafukufuku zikhale zokwanira zaka zonse za PhD yako. Funso la ndalamalo ulifunse mosachita manyazi. Dzina lalikulu limathandiza kwambiri pa postdoc, pamene wadziwa kale kudziyendetsa wekha.

Ndikufunanso udziwe mmene tsiku la ntchitoyi limaonekera, chifukwa ambiri amakonda nkhani ya khansa koma sakonda ntchito yake. Maselo amakhala m'timabotolo tapulasitiki tafulati, m'kabati yotentha madigiri 37 yokhala ndi mpweya wa carbon dioxide wokwana 5 peresenti. Madzi amene amawadyetsa ndi ofiira ngati pinki, ndipo maselo akachuluka madziwo amasanduka achikasu. Pakapita masiku awiri kapena atatu umawamatula, kuwawerenga, n'kuwagawa m'mabotolo atsopano. Sadziwa Loweruka kapena Khirisimasi. Tsiku lina m'mawa umapeza madzi achita mbuu, mabakiteriya alowa, ntchito ya milungu sikisi yapita, ndipo umakatulutsa ena oundana mu nayitrojeni ya madigiri 196 pansi pa ziro n'kuyambiranso. Western blot, yoonera puloteni, imadya masiku awiri, ndipo kumapeto mwina umangopeza filimu yoyera kapena yodetsedwa paliponse. Uyeneranso kutsimikiza kuti maselo ako ndi omwewo ukuganiza. Maselo a HeLa, amene anatengedwa pa chotupa cha Henrietta Lacks ku Johns Hopkins mu 1951 iye osapemphedwa, amakula mwamphamvu moti analowerera m'mabotolo a labotale zambiri, ndipo anthu anafalitsa mapepala a "maselo a chiwindi" kapena "a m'matumbo" amene anali HeLa. Stanley Gartler anaulula zimenezi m'zaka za m'ma 1960, koma vutoli silinatheretu mpaka lero. Labotale yabwino imapima maselo ake pafupipafupi, ndipo ukadzapita kukacheza ukhoza kufunsa kuti amapima kangati.

Njira ya maphunziro ndiyosavuta kuifotokoza. Pambuyo pa digiri yoyamba, m'mayiko ambiri a ku Ulaya amafuna digiri ya masters, kenako PhD ya zaka zitatu kapena zinayi. Ku America ambiri amalowa PhD mwachindunji, koma imatenga zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi. Kenako pamabwera postdoc, ntchito ya makontirakiti a zaka ziwiri kapena zitatu, nthawi zambiri m'labotale ina ndiponso m'dziko lina. Ochepa okha ndi amene amadzakhala ndi labotale yawoyawo, ndipo akafika pamenepo nthawi yawo yambiri imathera polemba makalata opempha ndalama za kafukufuku. Bambo, nkhani ya ndalama ili motere: PhD ya labotale yotereyi nthawi zambiri imakhala yolipiridwa, wophunzira n'kumalandira kandalama ka mwezi kokwana kudya ndi kulipira nyumba. Wina akauza mwana wanu kuti adzilipirire yekha fizi ndi zipangizo, musagulitse katundu, afune malo ena. Koma musayembekezere kuti ayamba kuthandiza abale msanga ngati mnzake amene walowa ntchito atangomaliza digiri yoyamba. Malipiro a postdoc ndi ochepa poyerekeza ndi zaka zimene munthu waphunzira. Amene sakhala apulofesa sasowa kolowera: makampani opanga mankhwala, mabungwe oyang'anira kuyesa mankhwala pa odwala, maofesi a boma ovomereza mankhwala, labotale za zipatala zopima zotupa, ndi ntchito yosanthula DNA pa kompyuta, imene ikufuna anthu ambiri masiku ano.

Pa chaka chatsalachi, mwana wanga, chinthu chimene chingakutsegulire khomo kuposa magiredi ndi kalata ya munthu amene anakuona ukugwira ntchito ndi manja. Pempha mphunzitsi aliyense amene ali ndi labotale, ngakhale ikhale ya yisiti kapena ya tizilombo, kuti uzithandiza kwa miyezi ingapo. Usaderere yisiti: Leland Hartwell ndi Paul Nurse anapeza majini olamulira kugawikana kwa selo pofufuza yisiti, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 2001 limodzi ndi Tim Hunt. Phunzira statistics mwakhama, ndiponso R kapena Python, zilankhulo zolembera mapulogalamu a kompyuta. Ukamalembera pulofesa uja, usatchule h-index yake, amaidziwa kale. Tchula pepala lake limodzi la posachedwapa, unene chithunzi chimene chakugwira mtima ndi funso limene chakusiyira, ufotokoze m'mizere iwiri zimene manja ako amatha kuchita, kenako ufunse ngati ali ndi malo olipiridwa chaka chamawa. Kalatayo isapitirire theka la tsamba. Lemberanso ena anayi kapena asanu sabata yomweyo, chifukwa ambiri sayankha, ndipo pakatha milungu iwiri uli chete ukhoza kukumbutsa kamodzi.